Tinsomba ta M'miyala ndi Matemba a pa Kachulu

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA PHOKOSO LA PADOKO CHAPANSIPANSI)

WOULUTSA:

 Lero ndikulankhula nanu ndili pa doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, m'boma la Zomba. Maboti a usiku angokocheza kumene, amayi ogula nsomba ali kalikiliki ndi mabeseni awo, ndipo pamapazi pangapa pali beseni limodzi la matemba aawisi lomwe mayi wina wandibwereka kwa kanthawi.

Chandibweretsa kuno ndi funso la mphunzitsi wina wa sukulu ya kumtunda, kufupi ndi phiri. Ana ake anagwira kansomba pansi pa mwala mumtsinje: kopanda mamba, ka ndevu, mimba yaphwatalala, kokonda kukakamira pansi. Atayang'ana m'buku la zamoyo anapeza chithunzi cha nsomba yotchedwa loach, ndipo anati ndi yomweyi. Aphunzitsiwo akufunsa kuti, kodi ndi zoona? Kodi loach ilipo m'mitsinje yathu ino?

Aphunzitsi, funso lanu ndiliyankha, koma mundilole ndiyambire m'beseni muno, chifukwa munthu amene sanaphunzire kuyang'ana nsomba ya pa mbale yake sangazindikire ya pansi pa mwala.

Tonsefe timangoti matemba. Wogulitsa amati matemba, wogula amati matemba, mwana akamanyema ndi nsima amati matemba. Ndatola imodzi pano, kutalika kwake ngati chala changa chamkombaphala. Thupi lake ndi loyera mbuu ngati ndalama yasiliva, popanda banga lililonse. Tsopano ndikuimitsa chipsepse cha pamsana ndi chikhadabo. Kutsogolo kwa chipsepsechi kuli munga wolimba, ndipo ndikayendetsa chala kumbuyo kwa mungawo ndikumva timano tokanda ngati ta sowo. Imeneyi ndiye nsomba yodzaza mabeseni a Chilwa, imene akatswiri amaitchula kuti Enteromius paludinosus. Amene anailemba koyamba m'mabuku a sayansi ndi Wilhelm Peters wa ku Germany m'chaka cha 1852, ataipeza ku Quelimane m'dziko la Mozambique, ndipo dzina lachiwirilo limatanthauza kuti ya m'madambo. Analitchula bwino dzinalo.

Ndafukulanso m'beseni, ndipo nayi ina. Poyamba mungati ndi yomweija, koma yang'anani m'mbali mwake: kadontho kakuda kutsogolo, kena pakati, kachitatu patsinde pa mchira. Munga wa pamsana ulipo, wolimba ndithu, koma ndi wosalala, timano tija palibe. Iyi ndi Enteromius trimaculatus, kutanthauza ya madontho atatu. Mitundu iwiri, beseni limodzi, mtengo umodzi. Inu amene munaphunzira kale musadabwe mukamva dzina la Enteromius. M'mabuku akale nsomba zimenezi zimalembedwa kuti Barbus, koma cha m'ma 2015 ofufuza atayeza chibadwa chake anaona kuti timatemba ta mu Africa si pachibale penipeni ndi Barbus wa ku Ulaya, ndiye anatipatsa dzina lawolawo.

Taonani zimene ndachita pamenepa, chifukwa ndi zomwezo zimene katswiri amachita. Ndayang'ana ngati nsomba ili ndi mamba. Ndakhudza munga wa pamsana. Ndawerenga madontho. Chotsala ndi kukamwa: kodi kamwa yaloza kutsogolo kapena ili pansi, ndipo ndevu ndi zingati? Matemba awiri onsewa ali ndi tindevu tinayi tating'ono, tiwiri mbali iyi, tiwiri mbali inayo. Mlamba uli apa uli ndi ndevu zisanu ndi zitatu, mamba ulibe, ndipo chipsepse chake cha pamsana chayenda kuchokera kumbuyo kwa mutu mpaka kufika kumchira. Makumba ndevu alibe, koma ali ndi mzere wa minga pamsana, monga adziwira aliyense amene anabayidwapo powonjola mu ukonde. Makumba athuwa Ethelwynn Trewavas, mayi wa ku Britain amene anathera moyo wake pa nsomba za m'banja la chambo, anawalemba mu 1966 ngati mtundu wapadera wa nyanja ino, ndipo dzina lawo limathera ndi mawu akuti chilwae.

Matemba, makumba, mlamba. Pakatikati pa nyanja ya Chilwa nsomba zolamulira ndi zitatu zimenezi basi, pamene nyanja ya Malawi ili ndi mitundu mazanamazana. Chifukwa chake mukuchidziwa inu asodzi kuposa ine. Nyanja yathuyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi amalowa, koma potuluka ndi kumwamba kokha, ndi dzuwa. Choncho mchere umatsalira, ndipo chilimwe chikakula madzi amawawa. Ndi yosaya, moti bwato timalikankha ndi nsungwi, ndipo mphepo ikaomba matope onse a pansi amavunduka. Nsomba yosakhwima singapirire madzi otere. Mitundu ina yonse ya dera lino imakhala m'mphepete: m'njedza, m'madambo, ndi m'mitsinje.

(NYIMBO PANG'ONO)

Tiyeni tsono tichoke padoko, titsate mtsinje wa Likangala chokwera.

Kumunsi kuno, kumene Likangala amayenda mwaulesi pakati pa minda ya mpunga asanathire m'nyanja, pansi pake ndi matope ndi mchenga. Kuno mupeza matemba aja, milamba, ana a makumba, chilunguni, ndi mphuta. Mphuta ndi nsomba yoyenda usiku, ya kachibwano kotulukira kutsogolo, ndipo kumchira kwake imatulutsa timagetsi tofooka timene imafufuzira njira m'madzi akuda. Mupezanso nkhalala, ya mamba akuluakulu onyezimira ndi mano akuthwa. Mvula yoyamba ikagwa, madzi ofiira akatsika, matemba amachoka m'nyanja kukwera mitsinje ndi kulowa m'madambo osefukira kukaikira mazira pa udzu womira. Nchifukwa chake nyengo ya mvula, kuyambira Disembala, makoka amaletsedwa. Mono wotchinga mtsinje wonse pa nthawi imeneyi amagwira nsomba yamazira, ndipo amene anatumbulapo temba wa mu Januwale anaona yekha mimba itadzaza tiii.

Tikapitirira kukwera, mtsinje uyamba kuchepa, miyala iyamba kuoneka, madzi ayamba kulira. Pamenepa mpamene pamakhala ningwi. Ningwi ili ndi mamba, thupi lake ndi lobulungira ngati chitsononkho, diso lofiira, ndipo kamwa yake ili pansi, ya milomo yochindikala. Ntchito yake ndi kupala ndere pa miyala. Mukaona mwala wa m'madzi uli ndi timizere tonga tokandidwa ndi chikhadabo, dziwani kuti ningwi yadyapo. Ngakhale maonekedwe asiyana, ningwi ndi matemba ndi banja limodzi.

Tadutsa tauni ya Zomba, tafika kumene Mulunguzi ndi timitsinje tinzake timatsika m'phiri, kapena titi tapita ku Domasi, mtsinje wochokera pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa. Madzi kuno ndi ozizira, oyera, othamanga. Vulani nsapato, ikani lichero kapena kansalu kumunsi kwa mwala, ndipo mnzanu atembenuze mwalawo. Chimene chigwere m'licheromo ndicho chija anagwira ana a sukulu.

Ndikufotokozereni bwinobwino. Nthawi zambiri kansomba aka sikapitirira kutalika kwa chikhatho. Mamba kalibe, khungu ndi loterera, lofiirira moderapo, la mawangamawanga ngati mwala womwe kanabisalapo. Mutu ndi waphwatalala, timaso tating'ono tili pamwamba pa mutu. Ndevu ndi zisanu ndi imodzi: ziwiri kumlomo wa m'mwamba, zinayi pansi pa chibwano. Zipsepse za pachifuwa ndi za pamimba ndi zotambalala cham'mbali ngati manja a munthu wogona chafufumimba, ndipo kutsogolo kwake ndi kochindikala. Ndi zimenezo kamagwirira mwala madzi akamakokola. Kumbuyo kwa chipsepse cha pamsana kuli kachipsepse kena ka mnofu wokhawokha, kopanda mafupa. Mukakagwira m'manja sikabaya. Ambiri akakaona amati ndi mwana wa mlamba, koma kamene mwagwirako ndi kakakulu kale, mwina kali ndi mazira. Dzina lake ndi Amphilius. Mtundu umene mabuku akhala akulemba m'mitsinje ya kuno ndi Amphilius uranoscopus, ndipo mawu achiwiriwo amatanthauza woyang'ana kumwamba, chifukwa cha timaso tija. Usana kamabisala, usiku kamatuluka kudya tizilombo ta m'madzi tomata pa miyala.

Pa mwala womwewo, makamaka pamene madzi akuthamanga koposa, mutha kugwira kena kakang'ono kuposa apa. Katembenuzeni chagada. Milomo yake yatambasuka nkupanga kambale kozungulira, kamene kamamatira pa mwala ngati msundu pa mwendo. Aka ndi Chiloglanis, ndipo samalani nako, chifukwa kali ndi minga yobaya pamsana ndi pachifuwa. Ndi m'bale wake wa nkholokolo ya ku nyanja ya Malawi ndi ku Shire. Ndiye pansi pa mwala umodzi pali tinsomba tiwiri topanda mamba: ka kamwa ya kambale ndi minga ndi Chiloglanis, ka ndevu zooneka bwino kosabaya ndi Amphilius.

Pamwamba penipeni pa phiri la Zomba, m'madzi a Mulunguzi, muli trout. Imeneyo ndi mlendo, anabwera nayo azungu nthawi ya atsamunda kuti aziwedza posangalala, ndipo singatsike kuno kotentha.

Aphunzitsi, tsopano yankho lanu nali. Kansomba ka ana anu si loach. Loach yeniyeni m'mitsinje ya Malawi mulibe. Kwawo kwa nsomba zimenezi ndi ku Asia ndi ku Ulaya, ndipo mitundu yake imapitirira 1,000, yambiri ili m'mitsinje ya m'mapiri a ku China, India ndi maiko oyandikana nawo. Ku Japan ndi ku Korea ina amaidya ngati ndiwo, ndipo imeneyo ili ndi luso lomeza mpweya nkupumira m'matumbo madzi akaipa, monga mlamba wathu umapumira mpweya ndi chiwalo cha m'mutu mwake. Mu Africa muno loach imapezeka kumalekezero kokha: ku Morocco, ndi ku Ethiopia, kumene George Boulenger analemba mtundu wa ku nyanja ya Tana mu 1902. Pachibale, loach ili kumbali ya matemba ndi ningwi, pamene Amphilius ali kumbali ya mlamba ndi kampango.

Koma musawadzudzule anawo, anayang'ana bwino. Kufananako nkwenikweni, moti akatswiri a Chingerezi banja lonse la Amphilius amalitchula ndi dzina lophatikiza loach ndi mlamba. Chinachitika nchakuti nsomba ziwiri zosiyana mtundu, ina ku Asia ina kuno, zinakumana ndi vuto limodzi: kukhala m'madzi othamanga osakokoloka. Pa mibadwo yosawerengeka, zonse zinafika pa thupi lofanana, mimba yaphwatalala, kamwa pansi, zipsepse zotambalala. Posiyanitsa, yang'anani kachipsepse ka mnofu kaja ndi khungu. Amphilius ali nako kachipsepseko ndipo mamba alibiretu, pamene loach zambiri zili ndi timamba tating'onoting'ono tobisika m'khungu, ndipo zina zili ndi kamunga pansi pa diso.

(NYIMBO PANG'ONO)

Wina ali pa bwato lake akuti, zonsezi zindithandiza chiyani ine, poti kansomba ka m'miyala sindigulitsa? Bambo, ndimvereni pang'ono, chifukwa apa mpamene pagona nkhani yanga.

Nyanja iyi imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 ambirife tinaona ndi maso athu maboti atakhala pa dothi long'ambika pa Kachulu pano, anthu akupita ku chilumba cha Chisi wapansi ndi pa njinga. Mvula yamphamvu ya mu Malichi 2019 inabweza madzi. Koma madzi si nsomba. Nanga nsomba zinachokera kuti? Palibe anabwera ndi matemba pa lole. Zinachokera m'maiwe a m'mitsinje: Likangala, Domasi, Thondwe, Namadzi, Phalombe, Sombani, ndi Mnembo wochokera ku Mozambique. M'maiwe akuya amene sanaphwe ndimo munabisala mbewu. Aphunzitsi a Yunivesite ya Malawi anatsatira nyanjayi kwa zaka pafupifupi khumi, isanaphwe mu 1968 ndi itadzazanso, ndipo zimene anapeza zili m'buku lotchedwa Lake Chilwa lomwe linatuluka mu 1979, lokonzedwa ndi Margaret Kalk ndi anzake awiri. Anaona kuti mlamba ndiwo unayamba kubwerera, matemba anatsatira, ndipo makumba anachedwa kuposa onse. Nchifukwa chake nyanja itaphwa mu 1995, mafumu ndi a nthambi ya za nsomba anakhazikitsa makomiti a m'midzi ya m'mbali mwa mitsinje kuti azilondera maiwe amenewa, ndi kuletsa kupha nsomba ndi katupe. Katupe sasankha. Mukathira padziwe, chimayandama chilichonse, chachikulu ndi chaching'ono, cha lero ndi cha chaka chamawa.

Tsono tinsomba ta m'miyala tija ndi alonda a kumtunda. Amphilius ndi Chiloglanis amafuna madzi oyera ndi mipata pakati pa miyala. Mitengo ikatha m'phiri chifukwa cha makala, madimba akalimidwa mpaka kugombe, dothi limatsika ndi mvula nkutseka mipata ija. Tinsombati ndito timayamba kusowa. Dothi lomwelo silithera pomwepo. Limatsetsereka kukakwirira maiwe a kumunsi, kumene matemba anu amathawira nyanja ikaphwa, ndi kukakuta udzu umene amaikirapo mazira. Mwana wa sukulu akatembenuza miyala makumi awiri pamalo pamene atate ake ankagwirapo tinsombati, iye osapezapo kanthu, uthenga umenewo ndi wanu inu a pa Kachulu, ngakhale ufike patapita zaka. Ine zimandiwawa kuona mtsinje wa Likangala uli wofiira ngati thobwa mvula itangowaza pang'ono, chifukwa dothi limenelo ndi munda wa munthu, ndipo kumene likupita likukaononga ndiwo za munthu wina.

Palinso chifukwa china chodziwira maina. Nsomba zimasunga mbiri ya dziko. Kale kwambiri Chilwa ndi Chiuta inali nyanja imodzi, ndipo madzi ake ankatuluka kudzera ku Amaramba ndi mtsinje wa Lugenda, kukathira mu Ruvuma mpaka ku nyanja yamchere ya India. Kenaka mtandadza wa mchenga unakula kumpoto nkudula Chilwa payekha. Njanji yopita ku Nayuchi imayenda pa mchenga umenewo. Nchifukwa chake nsomba zina za kuno zili ndi abale awo ku Chiuta ndi ku Ruvuma, pamene mtsinje wa Shire uli pafupi kuseri kwa phiri. David Livingstone atafika pa nyanja ino mu Epulo 1859 anapeza kale madzi ake ali owawa, njira yotulukira itatsekeka kalekale.

Ndipo ntchito yosiyanitsa mitundu sinathe. Kwa zaka zambiri Amphilius wa m'mitsinje yotalikirana ankapatsidwa dzina limodzi chifukwa chofanana maonekedwe. Mu 2021 ofufuza awiri a ku South Africa, Daniel Mazungula ndi Albert Chakona, atayeza matupi ndi chibadwa, anapeza kuti chimene chinkatchedwa mtundu umodzi ndi mitundu ingapo, ndipo wa mu mtsinje wa Ruo ku Mulanje anamupatsa dzina lakelake, Amphilius leopardus, chifukwa cha mawanga onga a kambuku. Kansomba ka m'phiri sikangadutse m'matope a m'chigwa kupita ku phiri lina, ndiye phiri lililonse limasunga kake kwa zaka zikwizikwi. Mtsinje umodzi ukaonongeka, pakhoza kutha mtundu umene kwina kulikonse kulibe.

Ndisanatsazike ndikuuzeni za kansomba kamodzi kamene ndimakakonda, kamene alimi a mpunga mumakaponda osadziwa. M'zithaphwi za mvula za m'chigwa chino, zimene zimauma chaka ndi chaka, mumakhala kansomba kosaposa chala chaching'ono. Kakamuna kake ndi kofiira ngati tsabola wakupsa, kakakazi kotuwa. Dzina lake ndi Nothobranchius kirki, ndipo Rex Jubb anakalemba mu 1969 kuchokera kuno ku Chilwa. Moyo wake ndi wa miyezi yochepa. Chithaphwi chisanaume kamaikira mazira m'matope, makolo onse amafa, ndipo mazirawo amagona m'dothi louma chilimwe chonse. Mvula ikagwa amaswa. Mukadzaona tinsomba tofiira m'chithaphwi chimene sichilumikizana ndi mtsinje uliwonse, sitinagwe ndi mvula ayi, tinali pansi pa mapazi anu kuyambira chaka chatha.

Aphunzitsi, ndi ena nonse amene muli ndi ana a sukulu pafupi ndi mtsinje, pezani kope limodzi likhale la mtsinjewo. Mukagwira kansomba, kaikeni m'botolo loonekera la madzi a pomwepo. Lembani tsiku, dzina la mtsinje ndi mudzi. Lembani ngati pansi panali miyala, mchenga kapena matope, ndiponso ngati madzi anali othamanga kapena odekha. Werengani ndevu, khudzani munga, onani mamba, ndipo mwana wodziwa kujambula ajambule. Funsani agogo a m'mudzimo dzina limene iwo amakatchula, kaya m'Chinyanja, m'Chiyao kapena m'Chilomwe, mulembe limenelo poyamba. Ngati pali foni, jambulani cham'mbali ndi chapansi, ndipo chithunzicho mutha kukaonetsa alangizi a za nsomba kapena akatswiri a pa malo ofufuzira ulimi wa nsomba ku Domasi. Mukatha, bwezerani kansombako pamene munakatenga, ndipo mwala uja muugoneke momwe munaupezera, mbali ya ndere kumwamba.

Mayi mwini beseni akundikodola, akuti dzuwa lakwera ndipo matemba akufunika pathandala. 

(NYIMBO YOTSEKERA)